Kugwa ndi kuvulala ku sukulu yoyendetsa njinga yamoto pa bwalo la mpikisano: Mafunso ndi mayankho

Masukulu amene tikunena pano si ophunzitsa anthu kuyendetsa kuti apeze laisensi. Opita kumeneko amakhala odziwa kale kuyendetsa, ndipo chimene akufuna n'kuphunzira kukhota, kugwira mabuleki ndi kupendeketsa njinga pa bwalo lotsekedwa, lopanda galimoto ndi anthu oyenda pansi. Imodzi mwa masukulu akale odziwika a mtunduwu ndi California Superbike School, yomwe Keith Code anaiyambitsa ku America mu 1980, ndipo lero masukulu otere alipo m'maiko ambiri. Mafunso ali m'munsiwa, ena amafunsidwa munthu asanalipire, ena amafunsidwa mkono uli kale m'chikhakha.

Kodi anthu amagwadi ku sukulu, pomwe aphunzitsi alipo?

Amagwa. Mphunzitsi akhoza kukutsatani pambuyo, kukuonetsani podutsa, kukuitanirani pambali n'kukuuzani kuti mwayamba kuthamanga kuposa luso lanu, koma chiwongolero chili m'manja mwanu. Ophunzira ambiri amatsiriza tsiku lonse njinga osagwetsa, ndipo ambiri mwa amene amagwa amadzuka okha, suti itangokalika. Komabe ambulansi imene imaima pa bwalo siyokongoletsera malo. Mabwalo ambiri salola njinga kulowa ngati ambulansi palibe, moti ikanyamuka ndi wovulala popanda ina yotsalira, aliyense amadikira.

Ndiye koopsa kwambiri n'kuti, pa bwalo kapena pamsewu?

Pa bwalo mpata wogwa umakhala waukulu, chifukwa mwapitira dala kukayesa zimene simuyesa pamsewu. Koma chimene chimapha anthu ambiri pa njinga si kutsetsereka pa phula ayi, ndi chinthu chimene munthu amakawomba akutsetsereka: galimoto yobwera kutsogolo, mtengo, chitsulo cha m'mbali mwa msewu. Pa bwalo aliyense amalowera mbali imodzi, kunja kwa makona kuli malo otsetserekerapo, timiyala tochepetsa liwiro, ndi matayala kapena matumba a mpweya otchinga khoma. Achipatala amafika m'mphindi zochepa. Liwiro lokha ndilo silikhululuka: mphamvu imene thupi limagwa nayo pa 120 km pa ola ndi yochuluka kanayi kuposa ya pa 60 km pa ola, osati kawiri.

N'chiyani kwenikweni chimagwetsa ophunzira?

Wogwa akafunsidwa, kawirikawiri amaloza tayala, kapena amati pa kona panali potererera. Nthawi zina n'zoona. Koma ngozi zambiri za ophunzira zimayambira m'maso ndi m'manja, pa kamphindi kamene mantha alowa.

Zimayenda chonchi. Mwalowa m'kona mukumva ngati liwiro lachuluka. Maso, m'malo moyang'ana kotulukira kona, amakakamira pa udzu kapena pa timiyala kunja kwa bwalo. Njinga imapita kumene maso akuyang'ana. Mikono imauma, ndipo chiwongolero chogwiridwa ndi mikono youma chimakana kukhota. Kenako dzanja lamanja limachita chimodzi mwa ziwiri: kuchotsa moto mwadzidzidzi, kapena kukoka buleki yakutsogolo mwamphamvu njinga ili chipendekere. Tayala lili ndi malire a mmene lingagwirire phula, ndipo njinga ikapendekera kwambiri, gawo lalikulu la mphamvu yogwirayo limakhala latengedwa kale ndi kukhota. Buleki yokokedwa mwadzidzidzi pamenepo imapempha zimene tayala lilibe. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri njinga ikanatha kutuluka m'konamo bwinobwino woyendetsa akanangotembenuza mutu n'kupitiriza kukhota. Njinga zamakono zimapendekera kwambiri kuposa pamene wophunzira watsopano amayerekeza kufika.

Chachiwiri ndi matayala ozizira. Labala amagwira bwino akatentha, ndipo amatentha ndi kugwira mabuleki ndi kupatsa moto, osati ndi kukhotetsakhotetsa njinga uku ndi uku. Tsiku la maphunziro limagawidwa m'magawo oyendetsa, ndipo maulendo awiri oyamba ozungulira bwalo m'gawo lililonse ndi otenthetsa matayala, makamaka m'mawa ndiponso ngati matayala ndi atsopano. Pa bwalo lokhala ndi makona ambiri a kumanja, mbali yakumanzere ya tayala imachedwa kutentha, ndipo kona yoyamba ya kumanzere imagwetsa anthu amene amaona ngati zonse zili bwino.

Chachitatu ndi mtima wampikisano. Wina wakupitirirani, mwayamba kumuthamangira, mwasiya kuyang'ana zizindikiro zanu zogwirira buleki n'kumayang'ana msana wake. Iye akudziwa pogwira buleki pa njinga yake ndi matayala ake. Inu mukungotsatira.

Chachinayi ndi kutopa. Magawo ambiri amatenga mphindi 20 kapena kuyandikira apo, ndipo amaoneka aafupi, koma m'suti yachikopa munthu amataya madzi ambiri. Masana, miyendo ikalema, thupi limayamba kutsamira pa chiwongolero ndipo maso amafupika. Aphunzitsi amachenjeza kawirikawiri za gawo lomaliza la tsiku, pamene munthu watopa koma akufuna kutsiriza ndi ulendo wothamanga kuposa onse. Kusiya gawo lomalizalo si kutaya ndalama.

Lowside ndi highside zimasiyana bwanji?

Pa lowside, tayala limaterereka njinga ili chipendekere, njinga n'kugwera mkati mwa kona. Woyendetsa amakhala ali kale pafupi ndi phula, choncho amagwa kuchokera pafupi n'kutsetsereka kulowera kunja. Ngati sawomba kanthu, ambiri amadzuka.

Highside ndi ina. Tayala lakumbuyo limaterereka kupita m'mbali, nthawi zambiri chifukwa moto wapatsidwa wambiri potuluka m'kona, kenako limagwiranso phula mwadzidzidzi. Njinga imadzuka mwamphamvu n'kuponya woyendetsa m'mwamba kudutsa pamwamba pake. Amatera ndi phewa, mutu, chiuno kapena mapazi, ndipo njinga imabwera pambuyo pake njira yomweyo. Chimene chimasandutsa kuterereka kukhala highside nthawi zambiri n'kuchotsa moto wonse mwadzidzidzi, chinthu chimene dzanja lamantha limachita lokha. Makompyuta oletsa tayala kuterereka a pa njinga zatsopano achepetsa ngozi zoterezi, koma sanazithetse.

Njinga yanditaya ndipo ndikutsetsereka. Nditani?

Isiyeni njinga ipite. Kukakamira chiwongolero kumakukokerani kumene njinga ikupita, ndipo dzanja likhoza kupanikizika pakati pa chiwongolero ndi phula. Ngati mungathe, tsetserekani chagada, manja musawatambasule kuti muziimitse nawo. Ngati mwayamba kugubuduzika, bweretsani mikono pafupi ndi chifuwa. Kunena zoona, zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa kwambiri moti ambiri sasankha kanthu. Chimene mungasankhe ndi chotsatirachi.

Musadzuke msanga. Munthu akamatsetsereka, ubongo umamunamiza kuti waima pomwe akadayendabe. Akaponda pansi kuti aimirire, jombo imagwira phula n'kumuponya, ndipo munthu amene akanadzuka wosavulala amathyoka kakolo kapena fupa la paphewa pa kugwa kwachiwiriku. Mukaona ngati mwaima, werengani pang'onopang'ono mpaka 3 kapena 5, gwirani pansi ndi chikhatho kuti mutsimikize.

Mukaimadi, yang'anani kumene njinga zikuchokera. Ngati muli pa phula ndipo mukutha kuyenda, chokanipo mwachangu kulowera kumbali imene ili pafupi, musadutse bwalo, ndipo kafikeni kuseri kwa chotchinga. Helemeti musavule mpaka mutafika kumeneko, chifukwa chimene chakugwetsani, kaya ndi oyilo kaya madzi, chikhoza kugwetsanso wina pamalo omwewo, ndipo adzatsetsereka njira yomwe mwadutsa inuyo. Njinga musaithamangire, ngakhale injini ikulira. Anthu ogwira mbendera m'makona, amene amatchedwa ma marshal, ndiwo adzakuuzani nthawi yoitola. Ngati muli bwino, akwezereni dzanja kuti adziwe.

Koma ngati khosi kapena msana zikuwawa, ngati manja kapena miyendo yachita dzanzi, kapena simukutha kudzuka, khalani pomwepo osagwedezeka. Kugona chete n'chizindikiro chokwanira kwa ma marshal kuti aimitse gawo ndi kuitana ambulansi.

Mnzanga wagwa patsogolo panga. Ndiime ndimuthandize?

Ayi. Ili ndi lamulo limene limawawa mtima, koma pafupifupi sukulu iliyonse imalinena m'mawa musanalowe. Njinga yoima m'mbali mwa kona ndi chinthu chinanso choti ena awombe, ndipo imachedwetsa ambulansi, imene kawirikawiri imadikira kuti njinga zichepe pa bwalo iyo isanalowe. Musamuyang'anitsitse wogwayo, yang'anani mpata wodutsa. Musagwire buleki mwadzidzidzi, pakuti pambuyo panu pali ena. Mukadutsa, kwezani dzanja lamanzere kapena tulutsani mwendo kusonyeza kuti mukuchepetsa liwiro, n'kubwerera koimika njinga ngati mbendera yofiira yatuluka.

Mbendera zofunika kuzidziwa ndi ziti?

Yachikasu ikutanthauza kuti kutsogolo kuli choopsa, chepetsani liwiro ndipo musapitirire wina. Yofiira, gawo laimitsidwa. Ya mizere yachikasu ndi yofiira, pa phula pali choterera. Yakuda yolozedwa kwa inu, tulukani mukaonane ndi oyang'anira, mwina njinga yanu ikudontha oyilo. Mabwalo amasiyana pang'ono pa zoti muchite mukaona yofiira, n'chifukwa chake msonkhano wa m'mawa suyenera kuphonyedwa ngakhale mwabwerako kangapo.

Anthu amavulala pati kawirikawiri?

Fupa lolumikiza phewa ndi chifuwa ndilo lotchuka pakati pa oyendetsa njinga. Limathyoka munthu akatera ndi phewa kapena ndi dzanja lotambasula, ndipo zotetezera za m'suti sizilithandiza kwenikweni, chifukwa mphamvu imalowera paphewa n'kukathyola fupalo pakati. Kenako pamabwera polumikizira dzanja ndi mkono, zala, nthiti, akakolo ndi mapazi, kuguluka kwa phewa, ndi kugwedezeka kwa ubongo. Khungu limapsa ndi kukhuzika ngakhale suti isanabooke, makamaka m'chiuno ndi m'zigongono. Kuvulala kwa msana, chiuno ndi ziwalo zam'mimba sikuchitika kawirikawiri, koma ndiko kumasintha moyo wa munthu.

Ndadzuka ndekha ndipo palibe chikuwawa. Ndingabwerere pa bwalo gawo lotsatira?

Funso ili ndilo limavulaza anthu kuposa kugwa kwenikweniko. Mukangogwa, thupi limadzaza ndi adrenaline, madzi amene thupi limatulutsa munthu akadzidzimuka, ndipo kwa kanthawi ululu sumveka. Anthu ayendapo ndi kakolo wothyoka mpaka kukafika koimika njinga, n'kudzazindikira povula jombo. Onjezani manyazi, ndalama zimene mwalipira, ndi anzanu amene akukuuzani kuti mukwerenso msanga mantha asanakhazikike, mupeza kuti aliyense ali ndi chifukwa chonenera kuti ali bwino. Pitani kwa achipatala a pa bwalo ngakhale musanaitanidwe, ndipo auzeni zoona.

Pali zinthu zitatu zimene zimabisala.

Choyamba ndi kugwedezeka kwa ubongo. Sikufuna kuti munthu akomoke. Mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kuwala kukusowetsani mtendere, kuiwala mmene ngozi yachitikira, kufunsa funso limodzimodzi mobwerezabwereza: chimodzi mwa izi n'chokwanira kuti tsiku lanu lithere pomwepo. Wovulala mutu sadziweruza yekha bwino, popeza chiwalo choweruziracho ndi chimene chavulala. Ngati helemeti yakalika, tengani kuti mutu wagunda pansi ngakhale simukukumbuka. Ubongo umene sunachire ukagwedezekanso, zotsatira zake zimakhala zoipa kuposa poyamba. Tsiku limenelo musayendetse njinga kapena galimoto, musamwe mowa, ndipo pakhale munthu wokuyang'anirani usiku woyamba. Mutu ukamawawirawawira, mukasanza mobwereza, mukayamba kugona tulo tovuta kudzutsidwa, kulankhula mosokonekera, kufooka mbali imodzi kapena kukomoka, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ayenera kuonedwa ndi dokotala ngakhale akumva bwino.

Chachiwiri ndi kutaya magazi mkati. Kugunda nthiti za m'munsi kumanzere kukhoza kung'amba kapamba, ndipo zizindikiro zimatha kuchedwa maola, mwinanso masiku. M'mimba mukamawawa, mukamamva chizungulire poimirira, mtima ukamathamanga, kapena nsonga ya phewa lamanzere ikamawawa pomwe simunaligunde, zimenezo si zodikira m'mawa. Chimodzimodzi mkodzo wa magazi, kapena kubanika mutagunda chifuwa.

Chachitatu ndi kafupa kakang'ono kotchedwa scaphoid, kamene kali polumikizira dzanja, m'munsi mwa chala chachikulu. Kamathyoka munthu akatera ndi chikhatho, ululu wake umafanana ndi wa kubinya chabe, ndipo nthawi zambiri sikaoneka pa X-ray yoyamba. Magazi amafika movutikira m'kafupa kameneka, choncho kakanyalanyazidwa sikalumikizika ndipo dzanja limadzavuta kwa zaka. Madokotala akakayikira amamanga dzanjalo n'kujambulanso pakatha masiku 10 mpaka 14, kapena amapempha MRI, makina ojambula mkati mwa thupi mwatsatanetsatane. Ngati pamalopo pakuwawabe patatha masiku angapo, bwererani.

Wovulala avulidwe helemeti?

Musamuvule, siyirani achipatala. Kuvula helemeti molakwika kumagwedeza khosi limene mwina lathyoka. Ngati achipatala palibe, amavula pokhapokha munthu akulephera kupuma kapena akusanza, ndipo amachita anthu awiri, wina atagwira mutu ndi khosi. Mahelemeti ambiri a mpikisano ali ndi tizingwe tofiira pansi pa masaya, toti achipatala asolole zotchinga masaya kuti helemeti ichoke mosavuta.

Ndivale chiyani kuti ndisavulale kwambiri?

Masukulu ambiri amafuna helemeti yophimba nkhope yonse, suti yachikopa ya chimodzi kapena ya zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi zipi kuzungulira chiuno, magolovesi aatali ophimba polumikizira dzanja, jombo zopitirira kakolo, ndi choteteza msana. Pa helemeti yang'anani chizindikiro cha muyezo: ECE 22.06 ku Ulaya, umene unalowa m'malo mwa 22.05 ndipo umayesanso kugunda kopotokola mutu, kapena DOT ndi Snell ku America. Choteteza msana chimayesedwa ndi muyezo wa EN 1621-2. Cha Level 1 chimalola mphamvu yosafika 18 kN (muyezo wa mphamvu ya kugunda) kudutsa kufika pa thupi, pomwe cha Level 2 chimalola yosafika 9 kN, theka lake. Ngati mukugula, gulani Level 2.

Koma chofunika kuposa dzina la kampani ndi kukwana. Suti yokula imazungulira pa thupi mukamatsetsereka, choteteza chigongono n'kusuntha kuchoka pa chigongono. Golovesi yosamangidwa bwino imavuka pa kugunda koyamba. Helemeti imene imagwedera mukapukusa mutu ndi yaikulu. Anthu amaononga ndalama zambiri pa paipi ya utsi yolira mokweza, n'kubwereka magolovesi a mnzawo wa manja aakulu. Ine ndikanatembenuza zimenezo.

Nanga zovala zokhala ndi airbag, thumba lofufuma ndi mpweya munthu akamagwa?

Zimathandiza, makamaka pa mapewa, chifuwa ndi msana. Mu MotoGP, mpikisano waukulu wa njinga zamoto padziko lonse, zinakhala lamulo kuyambira 2018. Zina zimafufuma ndi kachipangizo kozindikira kugwa, monga D-air ya Dainese ndi Tech-Air ya Alpinestars, zina zimafufuma chingwe chomangirira ku njinga chikakokedwa. Ngati mukuvala ya mkati mwa suti, sutiyo ikhale ndi mpata woti ifufumire. Zovalazi siziteteza manja, akakolo ndi mutu.

Helemeti yanga yangokalika pang'ono. Ndingaigwiritsenso ntchito?

Ngati mutu unali mkati pamene inagunda, ayi. Chimene chimateteza ubongo ndi thovu louma la mkati, lomwe limaphwanyika kuti limwe mphamvu ya kugundako, ndipo silibwereranso. Kunja ikhoza kuoneka yabwinobwino.

Ndani amalipira ndikavulala?

Kawirikawiri ndinu. Musanalowe pa bwalo mumasainira chikalata chovomereza kuti masewerawa ndi oopsa ndipo simudzaimba mlandu sukulu, eni bwalo kapena ophunzira anzanu. Mphamvu ya chikalatachi imasiyana dziko ndi dziko. M'maiko ena sichingateteze sukulu imene yachita kunyalanyaza koonekeratu, ndipo ngati mukukhulupirira kuti zinatero, funsani loya wa m'dziko limene ngozi yachitikira. Koma kugwa chifukwa cha dzanja lanu, kapena chifukwa wophunzira wina walakwitsa, kumaonedwa ngati mbali ya zimene munavomereza.

Inshuwalansi ndi pamene anthu ambiri amadzidzimukira mochedwa. Ya njinga ya pamsewu nthawi zambiri siigwira ntchito pa bwalo la mpikisano, ngakhale tsikulo likhale la maphunziro osati mpikisano. Ya paulendo, kwa opita ku sukulu ya kunja kwa dziko lawo, imakonda kupatula masewera a njinga zamoto. Ngakhale ya zachipatala ndi ya moyo zimatha kukhala ndi mawu opatula masewera oopsa. Afunseni musanapite, ndipo yankho akupatseni lolembedwa. Funsaninso za mtengo wa ambulansi kapena helikopita yochokera pa bwalo, pakuti mabwalo ambiri ali kutali ndi zipatala zazikulu. Amene amadya za tsiku ndi tsiku kuchokera m'manja mwawo aganizirenso za miyezi iwiri kapena itatu yosagwira ntchito.

Ngati njinga ndi yobwereka ku sukulu, pamakhala ndalama ya chikole kapena malire a zimene mungalipire mukaiononga. Dziwani chiwerengerocho musanasaine.

Wina wandigunda kuchokera kumbuyo. Salipira njinga yanga?

Mwambo wa pa bwalo ndi wakuti aliyense amakonza yake, kaya wolakwa ndani. Wopitirira mnzake ndiye ali ndi udindo wopitirira bwino, ndipo sukulu ikhoza kumutsitsira ku gulu la ophunzira oyenda pang'onopang'ono kapena kumuthamangitsa, koma kulipira n'kufuna kwake. Ena amapepesa n'kuthandiza, ena amangolongedza. Ndicho chifukwa chake anthu odziwa amati osabweretsa pa bwalo njinga imene simungapirire kuiona itaphwanyika.

Njinga yagwa koma ikulira. Ndione chiyani ndisanaikwerenso?

Iyenera kudutsanso kwa oyendera njinga a sukuluyo, ndipo musakangane nawo. Onani chogwirira buleki ngati chapindika kapena chang'aluka, ndipo chikokeni kangapo mpaka chilimbe. Onani ngati chiwongolero chili chowongoka ndipo chikutembenuka mbali zonse, ngati chopatsira moto chikubwerera chokha mukachisiya, ngati mafoloko sanapotoke, ngati zopondapo mapazi sizinang'aluke. Fufuzani kudontha kwa oyilo, mafuta kapena madzi. Timiyala timabisala m'mapulasitiki a pansi pa injini ndi pakati pa tayala ndi limu, kenako timakakhuthukira pa kona yoyamba n'kugwetsa ena.

Kuchira kumatenga nthawi yaitali bwanji? Akatswiri amabwerera m'masiku ochepa.

Kwa munthu wamkulu, fupa la paphewa limatenga masabata 6 mpaka 12 kuti lilumikizike, nthiti pafupifupi masabata 6, ndipo scaphoid ikhoza kupitirira miyezi itatu. Kusuta fodya kumachedwetsa kulumikizika kwa mafupa. Mabala okhuzika atsukidwe bwino kuchotsa dothi, ndipo funsani ngati katemera wanu wa kafumbata akadali ndi mphamvu.

Za akatswiri, nkhani imene anthu amakonda ndi ya Jorge Lorenzo wa mu MotoGP. Mu June 2013 pa bwalo la Assen ku Netherlands anathyoka fupa la paphewa pa zoyeserera za Lachinayi, anaulukira ku Barcelona kukachitidwa opaleshoni, n'kubwerera kudzathamanga Loweruka, ndipo anamaliza pa nambala 5. Zimene sizitchulidwa kawirikawiri n'zakuti patangotha masabata awiri anagwanso pa bwalo la Sachsenring ku Germany, chitsulo chimene anamuika chinapindika, anachitidwanso opaleshoni ndipo mpikisano wa kumeneko sanathamange nawo.

Nkhani ya Marc Márquez, katswiri winanso wa MotoGP, ndi yolemera kuposa apo. Anathyoka fupa la kumtunda kwa mkono wamanja pa bwalo la Jerez ku Spain mu July 2020, anachitidwa opaleshoni, ndipo sabata isanathe anayesa kukweranso njinga pa bwalo lomwelo. Ululu unamubweza. Chitsulo cha m'mkonomo chinadzathyoka, panalowa matenda, chaka chonsecho sanathamangenso, ndipo opaleshoni yachinayi pa mkono womwewo anakachitidwa ku Mayo Clinic ku America mu June 2022. Ameneyu ndi munthu wokhala ndi madokotala apamwamba kwambiri, amene malipiro ake ndi kuthamanga. Inu palibe chikho chimene chikukudikirani. Fupa kulumikizika pa X-ray sikokwanira: mkono uyenera kupirira kulemera kwa thupi lanu pogwira buleki mwamphamvu, mobwerezabwereza, kwa mphindi 20. Chilolezo chichokere kwa dokotala amene mwamuuza zoona kuti mukubwerera pa bwalo, osati kukangoyenda pang'onopang'ono.

Ndachira koma kona imene ndinagwera ikundiopsa. Zidzatha?

Kwa ambiri zimatha, koma osati ndi kudzikakamiza. Mantha amakula kwambiri pamene munthu sakudziwa chimene chinamugwetsa, chifukwa amaona ngati njinga ikhoza kumutaya nthawi ina iliyonse popanda chifukwa. Choncho yambani ndi kufufuza. Funsani mphunzitsi amene anali pambuyo panu, onani kanema ngati alipo, kumbukirani pamene panali maso anu ndi dzanja lanu lamanja. Unali ulendo woyamba wa gawo? Munali mukuonjezera moto ndi kupendekera nthawi imodzi? Munali mukuthamangira wina? Mukapeza chifukwa, mwapeza choti mukonze.

Pobwerera, lowani gulu la pansi pa limene munali, uzani aphunzitsi kuti munagwa, ndipo pemphani mmodzi akutsogolereni pa kona imeneyo. Yendani pa liwiro limene mikono ili yomasuka ndipo mukupuma bwino. Liwiro lidzabwera lokha. Ngati patatha mwezi mukulotabe ngoziyo, tulo sitikubwera, kapena mtima ukugunda mukangomva kulira kwa njinga, lankhulani ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo. Ndipo wina akasankha kusabwereranso, palibe amene ali naye ngongole.

Ena amati ukapanda kugwa ndiye kuti sukuphunzira. N'zoona?

Si zoona kwa wophunzira. Katswiri wa mpikisano amagwa chifukwa akufufuza malire enieni a tayala, pomwe wophunzira amagwa ali kutali ndi malirewo, chifukwa cha dzanja laphuma. Masukulu abwino amayamba ndi kukuchepetsani liwiro, ena mpaka kukuyendetsani ndi giya imodzi osagwira buleki, kuti maso ndi dzanja lamanja ziphunzire kaye.

Mvula ikagwa tsiku la maphunziro, ndisiye?

Masukulu ambiri amapitiriza, ndipo ndalama sabweza. Mvula imaphunzitsa kufatsa kwa manja kuposa tsiku la dzuwa, bola matayala akhale ndi mizere yokwanira. Pewani mizere yopakidwa penti ndi m'mphepete mwa makona, ndipo samalani kwambiri pamene bwalo layamba kuuma, mbali ina youma ina yonyowa.

Ndikonzekere chiyani ndisananyamuke, poganizira kuti mwina ndingagwe?

Funsani sukuluyo kuti pamakhala ambulansi zingati ndi achipatala a mtundu wanji, chipatala chachikulu chili kutali bwanji, mphunzitsi mmodzi amayang'anira ophunzira angati, ndipo malamulo opitirirana m'gulu la oyamba ndi otani. Sukulu yabwino imayankha mafunso awa mosanyinyirika. Lembani pa kapepala dzina lanu, mankhwala amene mumamwa, amene thupi lanu limadana nawo, ndi nambala ya munthu woti aimbiridwe, n'kuika m'thumba la mkati mwa suti. Chotsani mphete ku zala, chifukwa chala chothyoka chikatupa mpheteyo imachita kudulidwa. Ngati n'kotheka, njinga ipite pa ngolo kapena pa galimoto m'malo moikwera kupita ku bwalo, ndipo pitani ndi munthu amene angathe kuyendetsa galimotoyo pobwerera. Muonetseni pamene mwaika makiyi ndi makalata a inshuwalansi musanavale helemeti.